Nthano anabwereka kwa Agiriki, misozi inali yawoyawo

Ku Vatican, m'khonde lalitali la Museo Chiaramonti, muli bokosi la maliro la mwala wa mabo lomwe linachokera ku Ostia, doko la mzinda wa Rome. Linasemedwa pakati pa chaka cha 161 ndi 170 A.D. Mwini wake anali Gaius Junius Euhodus, mkulu wa bungwe la amisiri a matabwa ndi zomangamanga m'taunimo, ndipo analipangitsa kuti adzagonemo iye ndi mkazi wake Metilia Acte, wansembe wa mulungu wamkazi Magna Mater. Kutsogolo kwake kunasemedwa nthano yachigiriki ya Alcestis. Pakati pali mayi ali gone pakama, akutsirizika, ana akulira m'mbali. Mukayang'anitsitsa nkhope ya mayiyo muona kuti si nkhope yosalala ija amapatsidwa akazi a m'nthano. Ndi Metilia weniweni, tsitsi atalimanga mmene ankamangira akazi a nthawi ya mfumu Marcus Aurelius. Mwamuna wa m'nthanoyo naye wavala nkhope ya Euhodus.

Nthanoyo imati Admetus, mfumu ya ku Pherae, tsiku lake la imfa linakwana, koma mulungu Apollo anamupezera mwayi woti apulumuke ngati patapezeka womufera. Anapita kwa bambo ake, nkhalamba yotheratu, anakana. Mayi ake anakananso. Anavomera ndi mkazi wake Alcestis. Anafadi, ndipo zikanathera pomwepo achikhala kuti sipanafike mlendo, Heracles, yemwe anapeza maliro ali mkati, n'kukalimbana ndi Imfa mpaka kumulanda mayiyo.

Tsono ndi mwamuna wanji angatulutse ndalama zake kuti nkhope yake iikidwe pa munthu amene analola mkazi wake kumufera? Ku Athens nkhaniyi inali ndi minga. Mu sewero la wolemba zisudzo Euripides la mu 438 B.C., bambo ake a Admetus amamulalatira mwana wawo pamaliro pomwepo kuti ndi wamantha wobisala kumbuyo kwa mkazi. Euhodus minga imeneyo sanaione, kapena anaiona n'kuilambalala. Iye anatolamo ziwiri zokha: mkazi wanga anali wa mtima wotere, ndipo pakanakhala wina wamphamvu wondibwezera. Zinazo anawasiyira eni nthano.

Ndayamba ndi bokosi limeneli chifukwa ndikufuna kutsutsa chizolowezi chakale chonena kuti Aroma, ndi Aetruria amene anawatsogolera ku Italy, anali anthu ongokopera za Agiriki. Chizolowezichi chili ndi kholo lake. Johann Joachim Winckelmann, Mjeremani amene mu 1764 anatulutsa buku lotchuka la mbiri ya zosema ndi zojambula zakale, anaika Agiriki pansonga pa phiri, ena onse n'kukhala okwera asanafike kapena otsetsereka atapitirira. Mpaka lero timapepala ta m'nyumba zosungiramo zinthu zakale timakonda kunena kuti chosema chakutichakuti n'chokopera chachiroma cha ntchito yachigiriki yomwe inatayika, ngati kuti chili pamaso pakocho ndi mthunzi chabe wa china chimene sudzachiona. Nthawi zina n'zoona. Koma mawu amenewa amatseka pakamwa mafunso ofunika: anasankha nthanoyi ndani, anaiika pati, ankafuna aione ndani? Ife amene tinakulira nthano za pamoto madzulo tikudziwa kuti Kalulu wa agogo akuchimuna sanali Kalulu wa agogo akuchikazi, ngakhale nthano inali yomweyo, ndipo palibe anaganizapo kuti mmodzi wa iwo akukopera.

Aetruria ankakhala pakati pa mitsinje ya Arno ndi Tiber, dera lomwe lero ndi Tuscany ndi mbali zina za Lazio ndi Umbria, m'mizinda yodzilamulira yokha monga Tarquinia, Vulci, Cerveteri, Chiusi, Volterra ndi Perugia. Chilankhulo chawo sichinali pachibale ndi Chigiriki kapena Chilatini. Zilembo anatenga kwa Agiriki, ndipo ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mabuku awo pafupifupi onse anatayika, ngakhalenso mabuku 20 a mbiri yawo amene mfumu Claudius inalemba. Chatsala ndi chimene khasu lafukula, ndipo padutsa khasu sipanama. Mbiya zambiri zathunthu za ku Athens zimene zadzaza nyumba zosungiramo zakale ku Ulaya zinapezeka m'manda a Aetruria. Ku Vulci kokha, m'zaka za 1828 ndi 1829, anafukula zoposa 3,000. Anthu amenewa nthano zachigiriki ankazidziwa ngati nsima ya tsiku ndi tsiku.

Ankazidziwa kuyambira kale ndithu. Ku Cerveteri kunapezeka kamtsuko kakuda ka cha m'ma 630 B.C., pomwe pali mkazi ataima pafupi ndi mphika waukulu, mnyamata akutuluka mumphikamo, ndipo dzina lolembedwapo ndi Metaia. Ameneyu ndi Medea, ndipo chithunzichi ndi chimodzi mwa zakale kwambiri za iye zimene zikudziwika, zaka pafupifupi 200 Euripides asanamuonetse pabwalo la zisudzo ngati mayi wopha ana ake. Medea amene Aetruria anayamba kukopeka naye ndi sing'anga, wobwezera nkhalamba unyamata.

Alcestis uja naye anafika ku Etruria. Pa mbiya ina ya ku Vulci ya cha m'ma 350 B.C., yomwe tsopano ili ku Paris, iye ndi mwamuna wake alembedwa mayina achietruria, Alcsti ndi Atmite, ndipo akukumbatirana motsanzikana. Heracles palibe. Mbali ina kwaima Charun, chiwanda cha imfa cha Aetruria, cha mphuno yokhota, chitanyamula nyundo. Mbali inayo kuli chinzake chitagwira njoka. Dzina la Charun linachokera kwa Charon wa Agiriki, nkhalamba yowolotsa akufa pabwato, koma nyundoyo ndi nkhope yoopsayo Mgiriki sakanazizindikira. Wojambulayu anadula mapeto osangalatsa a nthano, n'kusiya mphindi imodzi yokha, ija ya mwamuna ndi mkazi atagwirana onyamula atafika kale pakhomo. Munthu wokopera sadula chotere.

Komwe ndimakhalitsa ine ndi pa akalilole. Aetruria anatisiyira akalilole a mkuwa oposa 3,000, opangidwa kuyambira cha m'ma 500 B.C. kwa zaka mazana angapo. Mbali imodzi ankaipukuta mpaka kuwala kuti munthu adzionerepo, kumbuyo n'kuzokotako chithunzi, kawirikawiri ndi mayina pambali pa munthu aliyense. Ambiri anapezeka m'manda a akazi. Seianti Hanunia Tlesnasa, mayi wa ku dera la Chiusi amene bokosi lake la dothi lowotcha lili ku British Museum ku London, anaumbidwa pachivundikiro atatsamira mtsamiro, kalilole ali m'dzanja. Pa akalilole ena, pankhope penipeni podzionerapo, anakandapo mawu oti suthina, kutanthauza kuti cha kumanda, kuti wamoyo asadzachigwiritsenso ntchito.

Taganizirani chinthu chimene mayi amachigwira m'mawa uliwonse, n'kuchitembenuza podikira kuti amumange tsitsi. Kumbuyoko ankapezako Atlenta, Atalanta wa Agiriki, akulimbana ndi mwamuna, Pele, thupi ndi thupi, monga zilili pa kalilole wina wa ku Vulci yemwe ali ku Vatican. Ankapezako Areatha, amene ndi Ariadne, ali ndi mwamuna wake Fufluns, mulungu wa vinyo. Ankapezako Semla atakumbatira mwana wake, Fufluns yemweyo, mwanayo atapendeketsa mutu chagada kuyang'ana mayi ake, pa kalilole wokongola zedi yemwe ali ku Berlin. Ndipo mayina amenewa sanalembedwere khoma. Analembedwera munthu wodziwa kuwerenga amene wagwira chogwiriracho. Ku Praeneste, mzinda wachilatini womwe amisiri ake ankagwira ntchito yofananayo, kunapezeka chibokosi cha mkuwa chosungiramo zodzikongoletsera, chodziwika kuti Cista Ficoroni, ndipo chimadzinenera chokha kuti Novios Plautios anandipanga ku Rome, Dindia Macolnia anandipereka kwa mwana wake wamkazi. Mayi kugula, mwana wamkazi kulandira.

N'chifukwa chake Helen wa pa akalilole amenewa amandichititsa chidwi. Kwa alakatuli ambiri achigiriki iye ndi mkazi amene anaphetsa amuna ku Troy, wothawa banja, woyambitsa nkhondo ya zaka 10. Aetruria ankamutcha Elina kapena Elinai, ndipo ankamukonda kwabasi. Amamuonetsa asanabadwe, dzira limene nthano imati anabadwiramo likuperekedwa kwa makolo ake. Amamuonetsa ali ndi Turan, mulungu wawo wamkazi wa chikondi. Pa kalilole wamkulu wa ku Vulci yemwe ali ku Paris, Elinai wakhala pampando wachifumu akupereka dzanja kwa Agamemnon, mtsogoleri wa Agiriki pankhondo ya ku Troy, ndipo amuna ake onse awiri, Menle ndi Elchsntre, Menelaus ndi Paris wa ku Troy amenewo, aima pomwepo mwamtendere, palibe wasolola lupanga. Mkazi amene kwawo anali mlandu, kuno ndi mfumukazi yolandira alendo.

Agiriki ankaona kuti akazi a ku Etruria ndi ena, ndipo zinkawanyansa. Theopompus wa ku Chios, wolemba mbiri wa m'zaka za m'ma 300 B.C., analemba kuti akaziwa amadya pamodzi ndi amuna osati awo, amamwa kwambiri, amachita masewero olimbitsa thupi ali maliseche, ndipo amalera ana osadziwa bambo wake. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chimene manda amatsimikiza n'chosavuta: mkazi ankakhala paphwando pambali pa mwamuna wake, monga zilili pa bokosi lotchuka la mwamuna ndi mkazi la ku Cerveteri la cha m'ma 520 B.C., lomwe lili ku Villa Giulia ku Rome. Ku Athens mkazi wapabanja sankalowa m'phwando la amuna, ndiye Mgiriki poona zimenezi mutu wake unathamangira ku uhule. Mkazi wa ku Etruria analinso ndi dzina lakelake, Ramtha, Larthia, Thanchvil, pomwe wa ku Rome ankangotchedwa ndi dzina la banja la bambo ake, Julia kapena Cornelia, ndipo akakhala awiri n'kumati wamkulu ndi wamng'ono. Pamanda a Aetruria dzina la mayi wobereka womwalirayo linkalembedwanso. Mchewa akamva zimenezi mtima umathamangira ku mbumba ndi kwa atsibweni, koma tisafulumire. Johann Jakob Bachofen anafulumira chotero m'zaka za m'ma 1800, n'kuona ulamuliro wa amayi pomwe panalibe. Dzina la banja ku Etruria linkatsata bambo, la mayi linali lowonjezera, lonyadira kuti nako kuchikazi ndife apamwamba.

Ndipo amene akufuna kuwasandutsa Aetruria anthu ofatsa okonda akazi akaone timabokosi tawo ta phulusa la akufa. Ku Museo Guarnacci ku Volterra tilipo toposa 600. Ku Perugia amisiri ankakonda kusema Iphigenia, mtsikana amene bambo ake Agamemnon anamupereka nsembe kuti mphepo iwombe zombo zipite ku Troy, atamunyamula pamwamba pa guwa. Pa bokosi la ku Torre San Severo, kufupi ndi Orvieto, Polyxena akuphedwa pamanda a Achilles. M'manda a ku Vulci otchedwa François, omwe anatulukiridwa mu 1857, Aivas, amene ndi Ajax, wagwira Casntra, Cassandra ameneyo, kuti amuzule pa fano la mulungu pomwe anathawira. Magazi ali mbwee. Koma ngakhale pamenepa akunena zawo. M'manda omwewo, moyang'anizana ndi Achilles akupha akaidi a ku Troy, anajambula ngwazi za kwawo zikupha adani, ndipo mmodzi wa ophedwawo walembedwa kuti Cneve Tarchunies Rumach, kutanthauza wa ku Rome. Panthawi imene ankajambula zimenezi, mzinda wa Aetruria wa Veii unali utagwa kale m'manja mwa Aroma mu 396 B.C., ndipo Aroma ankadzitama kuti ndi zidzukulu za anthu a ku Troy. Banja la ku Vulci lojambulitsa Atroy akugonja linkadziwa amene likumunena.

Tikawolokera kwa Aroma, nthano zomwezi zimachoka m'dzanja la mkazi n'kukwera pakhoma. Phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 A.D. linakwirira Pompeii ndi Herculaneum makoma ali chiimire, ndiye tikudziwa chithunzi chilichonse chinali m'chipinda chiti. M'nyumba ina ya ku Pompeii yokhala ndi chithunzi cha galu pakhomo ndi chenjezo loti cave canem, chenjerani ndi galu, munali Iphigenia atanyamulidwa ndi amuna awiri, nsalu itagwa, manja ali m'mwamba, bambo ake atafunda kumutu n'kutembenukira kumbali. Kufunda kumutuko n'kwachigiriki ndithu: wolemba wachiroma Pliny amasimba kuti wojambula Timanthes anaphimba nkhope ya Agamemnon chifukwa chisoni cha kholo sichikanajambulika. Koma mwini nyumbayo anaikanso Briseis akuchotsedwa kwa Achilles, ndi Amphitrite akutengedwa ndi Poseidon. Mlendo wolowa m'nyumbamo ankalandiridwa ndi akazi otengedwa, wina pambuyo pa mnzake. M'nyumba ina, yotchedwa ya Jason, kachipinda kamodzi kanali ndi Medea, Phaedra ndi Helen, aliyense atatsala pang'ono kugwetsa banja. Ku Tor Marancia, kunja kwa Rome, anajambula Pasiphae, Scylla, Myrrha, Phaedra ndi Canace, aliyense payekha, dzina pambali, ngati ndandanda ya akazi amene chilakolako chinawapengetsa. Kusonkhanitsa akazi a nthano zosiyana m'chipinda chimodzi kuti alendo aziwayerekeza ndi nzeru ya mwini nyumba wachiroma.

Khasu silinaleke. Mu April 2024 akuluakulu a ku Pompeii anaonetsa chipinda chodyera cha mamita pafupifupi 15 m'litali ndi 6 m'lifupi, makoma ake akuda bii, mwina pofuna kubisa mwaye wa nyale. Mbali ina kuli Helen akukumana ndi Paris, mbali ina Apollo akunyengerera Cassandra, amene pomukana anatembereredwa kuti azilosera zoona koma wina asamukhulupirire. N'zokongola, sindikana. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tawerengani kuti ndi kangati pa makoma a Pompeii mkazi amajambulidwa ali mtulo, ali womangidwa, akunyamulidwa, kapena nsalu ikutsetsereka: Ariadne ali gone pa Naxos wina akumuvundukula, Andromeda ali pathanthwe m'maunyolo. Woonera ndi munthu wotsamira pamtsamiro, chikho cha vinyo m'manja. Akalewo ankadziwa okha kuti chithunzi chotere sichingokhala phee. Mu sewero lina la Terence la mu 161 B.C., mnyamata amaona chithunzi cha Jupiter akutsikira Danae n'kudziuza kuti ngati mulungu anachita, nanga ine, kenaka n'kugwirira mtsikana. Augustine wa ku Hippo, patapita zaka zoposa 500, ankabwerezabe chitsanzo chimenechi podzudzula milungu ya Aroma.

Nyumba ya amuna awiri a dzina loti Vettius, Conviva ndi Restitutus, amene akuoneka kuti anali akapolo omasulidwa n'kulemera, inatsegulidwanso mu January 2023 itakonzedwa kwa zaka zambiri. M'chipinda china muli Dirce akumangiriridwa ku nkhunzi yolusa ndi Amphion ndi Zethus, chilango chozunza mayi awo Antiope. M'china muli Pasiphae akulandira ng'ombe yamtengo imene Daedalus anamupangira kuti alowemo n'kukagona ndi nkhunzi imene anaikonda. Pakhomo la nyumba yomweyo wina anakanda pakhoma kuti Eutychis, Mgiriki, wa makhalidwe okoma, timakobidi tiwiri. Kaya kunali kutsatsa malonda kaya kumunyoza, mtengowo ndi wofanana ndi wa chikho cha vinyo wabwinoko pa bala ina ya m'tauni yomweyo. Akazi achigiriki a m'nthano anali pakhoma la chipinda cha alendo, mkazi wachigiriki wa thupi ndi magazi anali ndi mtengo pakhomo.

Aroma anapitiriranso pamenepo, ndipo apa palibe anganene kuti anaonera kwa Agiriki. Nthano anazitengera m'bwalo la masewero n'kumaphera nazo anthu enieni. Martial, polemba ndakatulo zotamanda masewero a mu Colosseum, yomwe inatsegulidwa mu 80 A.D., amati tsopano khulupirirani za Pasiphae ndi nkhunzi, pakuti taziona ndi maso. Kalata ya mpingo wa ku Rome yopita ku Korinto, yodziwika ndi dzina la Clement, yolembedwa chakumapeto kwa zaka 100 zoyambirira, imakumbukira akazi achikhristu amene anazunzidwa ngati ana aakazi a Danaus ndi ngati Dirce. Ndikaona chithunzi cha chosema chachikulu chija cha Dirce ndi nkhunzi, chimene chinafukulidwa m'mabafa a Caracalla m'zaka za m'ma 1540 ndipo chili ku Naples, mawu a m'kalatayo sandichoka.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati ukuwerenga zambiri pa katundu wa pamsika. Timabokosi tadothi ta ku Chiusi tinkaumbidwa pachikombole, tambirimbiri tofanana. Pa akalilole ena mayina sagwirizana ndi nthano imene tikuidziwa. Osema mabokosi ku Rome ambiri anali Agiriki, ankabwereza zithunzi zomwezomwezo, ndipo alipo mabokosi amene anaikidwa m'manda nkhope ya munthu wamkulu wa m'nthano isanasemedwe n'komwe, ili chibulumwa. Kodi wofedwa, maliro ali m'nyumba, ankakhala pansi kusinkhasinkha za Euripides? Sankangoloza limene lilipo?

Zonsezi n'zoona, koma sizikugwetsa mfundo yanga. Chitenje chimadindidwa kufakitale zikwizikwi, komabe mayi amadziwa chopita nacho kumaliro ndi chopita nacho kuchinkhoswe, ndipo fakitale imadinda zimene amayi akugula. Nkhope yosasemedwayo ndiyo umboni wanga waukulu. Mmisiri ankaisiya dala, podziwa kuti wogula adzafuna kuikapo mkazi wake. Ku Athens wakale miyala ya pamanda inkaonetsa womwalirayo ali pakhomo pake, monga Hegeso akusankha chokongoletsera m'kabokosi kamene wantchito wamugwirira. Kulowetsa mkazi wako weniweni m'kati mwa nthano, ndi makwinya ake ndi kamangidwe ka tsitsi ka chaka chimenecho, kunafala ku Rome anthu atayamba kuika mitembo m'malo moitentha, cha m'nthawi ya mfumu Hadrian, amene analamulira kuyambira 117 mpaka 138 A.D. Ndipo za mayina osagwirizana pa akalilole, ndani anatiuza kuti nthano imene inatifika m'mabuku achigiriki ndi yokhayo inkasimbidwa ku Vulci?

Pamabokosi amenewa m'pomwe ndimawakhululukira Aroma zina, chifukwa m'pomwe amalira moona. Muone mabokosi a Medea, monga lija lili ku Basel la cha m'ma 190 A.D. Poyamba munthu umadabwa kuti banja lingaike bwanji wokondedwa wake m'bokosi la mayi wopha ana, wothawa pagaleta lokokedwa ndi njoka zamapiko. Koma pakati pa bokosilo sipali Medea. Pali Creusa, mkwatibwi watsopano wa Jason, mwamuna wa Medea, akudumpha pakama chovala chapoizoni chikumutentha, bambo ake Creon ali pambuyo atagwira mutu, osatha kuchita kanthu. Katswiri wachijeremani Paul Zanker anafotokoza bwino kuti ofedwa ankayang'ana pamenepo: mtsikana wofa mwadzidzidzi ukwati uli pafupi, ndi kholo longoonerera. Nthano ndi ya Medea, koma wogula anagula Creusa. Ndi Aroma omwewa amene Julius Caesar wawo analipira matalente 80 kugula zithunzi ziwiri za Timomachus, cha Ajax ndi cha Medea, n'kukazipachika m'kachisi wa Venus Genetrix, Venus mayi wobereka. Mayi wopha ana m'nyumba ya mayi wa fuko. Zikuoneka kuti sizinawavute.

Chodabwitsa koposa ndi bokosi lina la ku Vatican la m'zaka za m'ma 200 A.D., la nkhondo ya Agiriki ndi akazi ankhondo otchedwa Amazon. Pakati paima Achilles atanyamula Penthesilea, mfumukazi yawo, ikufa. Onse awiri avala nkhope za mwamuna ndi mkazi eni bokosi. Koma m'nthano amene wabaya Penthesilea ndi Achilles yemweyo, ndipo amamukonda atamubaya kale. Mwamuna wachiromayo sankauza abale kuti ndinapha mkazi wanga. Ankati anali wokongola, anali wolimba mtima, anafera m'manja mwanga. Kwa ife n'zovuta kumeza, ndipo ine sindimeza zonse. Ndimaona kuti pafupifupi paliponse mwamuna ndiye waima, mkazi ndiye akugwa, ndipo mawu otamanda womwalirayo asankhidwa ndi wotsala. Ngakhale Allia Potestas, kapolo womasulidwa wa ku Perugia amene ndakatulo ya pamanda ake inapezeka ku Rome, amatamandidwa kuti ankayamba kudzuka ndi kutsiriza kugona, ubweya sunkachoka m'manja mwake, kenaka wolembayo n'kuyerekeza miyendo yake ndi ya Atalanta. Ku Vulci Atlenta ankagwetsana ndi amuna kumbuyo kwa kalilole wa mkazi. Ku Rome watsala miyendo. Ngati mundifunsa komwe ndikanakonda kuti mwana wanga wamkazi akumane ndi akazi amenewa, ndisankha kalilole.

Kubwereka sikunathere pa Aroma. Mu 1076 ku Pisa kunamwalira Beatrice wa ku Lorraine, mayi ake a Matilda wa ku Tuscany, ndipo anamuika m'bokosi lakale lachiroma la m'zaka za m'ma 100. Pabokosilo pali Phaedra, mkazi wa Theseus amene anakonda mwana womupeza, Hippolytus, ndipo atakanidwa anamunamizira mlandu n'kudzipha. Wakhala pampando, nsalu kumutu, thupi lolemera ngati la mfumukazi, adzakazi atamuzungulira. Patapita zaka pafupifupi 200, Nicola Pisano anapatsidwa ntchito yosema gome lolalikirapo la m'nyumba yobatiziramo ya mzindawo, ndipo anaimaliza mu 1260. Pofuna mayi woti akhale pampando kulandira anzeru a kum'mawa, mwana ali pamiyendo, anakayang'ana bokosi la Beatrice. Maria wa pagomelo wakhala mmene anakhalira Phaedra, mutu, mapewa, mapindidwe a nsalu. Gomelo likadali pomwepo, ndipo bokosilo lili ku Camposanto, pabwalo lomwelo la nsanja yopendekeka ija, moti munthu atha kuona Phaedra, n'kuyenda mphindi ziwiri kukaona Maria.